Liwu Limodzi Pamsana pa Goliati

## Lamulungu limene ndinaima pambali pa mlendo

Papita zaka zitatu tsopano, koma ndikalowa m'tchalitchi chathu m'boma la Ntcheu maso anga amathamangirabe pamalo pamene ndinaima tsiku limenelo, kumanzere kwa gome, maikolofoni ili m'manja. Tinalandira mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, mlaliki wachikulire wolankhula mofatsa, ndipo popeza ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu yasekondale yapafupi, akulu a mpingo sanavutike kufunafuna womasulira. Ndinavomera mosanyinyirika, chifukwa ndinali nditamasulirapo alendo kambirimbiri, ndipo nkhani ya Davide ndi Goliati, imene anandiuziratu kuti ndiyo adzalalikire, ndinaidziwa ndili mwana wa Sande sukulu.

Chimene sindinafunse ndi Baibulo limene mlendoyo adzawerenge. Anatsegula la Chingerezi chakale, lija linatuluka mu 1611 mu ulamuliro wa mfumu James ya ku England, nayamba kuwerenga 1 Samueli 17 kuchokera pa ndime 5. Iye ankawerenga chiganizo, ine n'kuchitembenuza. Mawu oti *helmet of brass* sanandivute, ndinati chisoti chamkuwa. Pa *coat of mail* ndinazengereza pang'ono, chifukwa liwu loti *mail* ndinalidziwira ku positi ofesi, koma nkhaniyo inandisonyeza kuti akunena chovala chankhondo, choncho ndinati malaya achitsulo. Atafika pa ndime 6 anawerenga kuti chimphonacho chinali ndi *greaves of brass* m'miyendo ndiponso *a target of brass* pakati pa mapewa. Liwu loyambalo ndinali ndisanalimvepo chibadwire, ndipo ndinalilambalala pongonena kuti anavala zamkuwa m'miyendo. Lachiwirilo silinandiopse n'komwe, chifukwa ndinkalimva tsiku ndi tsiku: pamasewera oponya mivi, pa nkhani za asilikali pawailesi, ngakhale kusukulu pamene akuluakulu akutiuza chiwerengero cha ana amene tiyenera kukhozetsa. Ndinakweza mawu ndi kuuza mpingo kuti Goliati anali ndi chizindikiro chamkuwa pamsana, malo oti adani alasepo.

M'tchalitchimo munamveka kung'ung'udza kwa anthu amene amva chinthu chatsopano chowakomera. Mayi wina wa m'bungwe la amayi anati ameni mokweza. Mlendoyo, posamva Chichewa, anamwetulira napitiriza ulaliki wake, umene sunakhudze n'komwe za pamsanapo. Koma potuluka ndinamva anthu akuuzana kuti munthu wodzikuza amayenda atanyamula yekha malo a imfa yake, ndipo ena anabwera kudzandigwira chanza pothokoza kuti ndawatsegula maso pa ndime imene akhala akuiwerenga zaka zambiri osaimvetsa. Mawu amene sanalembedwe m'buku lililonse anali atamera kale mizu m'mitima ya anthu, ndipo wofesa wake ndinali ine.

## Funso la pansi pa mtengo wa mango

Pakati pa akulu a mpingo wathu pali bambo wina wa zaka zoposa 80, Mngoni wa kuno komwe, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Anandidikira anthu atachepa, nandiitanira pansi pa mtengo wa mango pamene amakonda kukhala, Baibulo lake la Chichewa lili chitsegulire pa maondo.

Anati, "Aphunzitsi, mwagwira ntchito lero, zikomo. Koma tandithandizani apa. Langali likunena za nthungo yamkuwa, inu mwatiuza za malo olasapo. Kodi msilikali amene wakhala pankhondo kuyambira unyamata wake angadzimangirire chizindikiro pamsana kuti adani asavutike pomulasa? Ndiponso mwala uja unalowa pamphumi, sunalowe pamsana."

Ndinayankha mwaulemu koma molimba mtima kuti, "Bambo, mlendoyo anawerenga kuti *target*, ndipo ndinamumva bwinobwino."

Anagwedeza mutu movomereza, kenako anati, "Liwulo munalimvadi. Nanga chinthucho munachiona?"

Ndinasowa poyankhira. M'mutu mwanga munali chithunzi cha bolodi lozungulira la mizere yofiira ndi yoyera, ndipo nditayesa kuliika pamsana pa Mfilisiti wa m'chigwa cha Ela ndinaona ndekha kuti silikukhalapo. Bamboyo sanandichititse manyazi. Anangondiuza kuti ndidzafike kwawo Lachitatu madzulo, ndipo nditafika anatulutsa m'bokosi dikishonale yaikulu yothothoka chikuto, ya mtundu uja umene sungotanthauzira liwu koma umanenanso kumene linachokera ndi matanthauzo amene linali nawo kale. Anandibwereka popanda kunena tsiku loibwezera.

## Zinthu zitatu pa ndime imodzi

Usiku womwewo ndinatsegula pa *target*. Liwuli ndi mwana wa liwu lina lakale, *targe*, dzina la chishango chaching'ono chozungulira. Anthu a kumapiri a ku Scotland anamenya nacho nkhondo mpaka pa Culloden mu 1746: thabwa lozungulira la pafupifupi theka la mita m'mimba mwake, lokutidwa ndi chikopa ndi kukhomeredwa timisomali tamkuwa. Tanthauzo limene ine ndinkalidziwa, la chinthu choponyapo mivi kapena zipolopolo, linadzakhazikika m'zaka za m'ma 1700, Baibulo lija litakhala kale m'manja mwa anthu kwa zaka zoposa 100. Munthu wa ku London amene anamva ndime imeneyi ikuwerengedwa mu 1611 anaona chimphona chitakoleka chishango chaching'ono kumsana, monga ankachitira asilikali poyenda ulendo.

Koma nkhani sinathere pamenepo, chifukwa Baibulo la bambo uja linali kunena za nthungo. Liwu la Chiheberi pa ndimeyi ndi *kidon*, ndipo omasulira a mu 1611 sanalimasulire mofanana paliponse: pa Yoswa 8:18 analitcha *spear*, pamene pa ndime 45 ya chaputala chomwechi cha Goliati analitcha *shield*. Amene anakonzanso Baibulolo mu 1885 anachotsa *target* naikapo *javelin*, nthungo yoponya, ndipo omasulira ambiri a pambuyo pake anatsata njira yomweyo. Motero pa ndime imodzi panali zinthu zitatu: nthungo ya m'Baibulo la Chichewa, chishango cha Angerezi akale, ndi bolodi langa lija limene silinakhalepo pa nkhondo ina iliyonse.

Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti liwu limene sindinkalidziwa, *greaves*, silinandigwetse, popeza ndinaliopa ndi kuliyendera mosamala. Linandigwetsa ndi limene ndinkaliyesa mnzanga. Nditapitiriza kuwerenga ndinapeza msampha wina wa mtundu womwewo machaputala atatu okha kutsogolo, pa 1 Samueli 20:40, pamene Baibulo la 1611 lomwelo limati Jonatani anapereka *artillery* yake kwa mnyamata wake kuti apite nayo kumzinda. Lero liwu limeneli ndi la mizinga ikuluikulu, koma pa nthawiyo linkaphatikiza zida zonse zoponyera kutali, ndipo zimene mnyamatayo ananyamula zinali uta ndi mivi. Mlendo uja akanawerenga pamenepo, ndikudziwa kuti ndikanamupatsa mwana wa Sauli mzinga.

## Malilime awiri pa msilikali mmodzi

Dikishonaleyo inakhala kwanga miyezi inayi. Ndinagula kope lapadera ndi kuyamba kulembamo dzina lililonse la chida chakale limene ndinakumana nalo, ndipo posakhalitsa ndinaona kuti mainawo akudzigawa okha m'magulu awiri. Gulu loyamba linali la mawu aafupi, ambiri a phatikizo limodzi: *sword*, lupanga; *spear*, mkondo; *shield*, chishango; *bow*, uta; *axe*, nkhwangwa; *helm*, chisoti. Onsewa Angerezi anali nawo kuyambira kalekale, ndipo abale awo akupezekabe m'Chijeremani. Gulu lachiwiri linali la mawu amene dikishonaleyo inkati anachokera ku Chifalansa chakale: *armour*, *army*, *battle*, *lance*, *banner*, *siege*, *captain*.

Mzere wolekanitsa magulu awiriwa uli ndi tsiku lake. Pa 14 Okutobala 1066, William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold ya ku England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kuchokera pamenepo minda, mabwalo a milandu ndi utsogoleri wa nkhondo ku England zinagwera m'manja mwa anthu olankhula Chifalansa kwa zaka pafupifupi 300. Nsalu yopetedwa ya ku Bayeux, yotalika pafupifupi mamita 70, imaonetsa nkhondoyo mwatsatanetsatane: Angerezi ataima pansi atalumikiza zishango ngati mpanda, ena atagwira nkhwangwa zazitali za manja awiri, ndi ankhondo a William akuwathamangira ali pa akavalo. Chodabwitsa n'chakuti mbali zonse ziwiri zinavala malaya ofanana, olukidwa ndi timphete tachitsulo, ofika m'maondo. Mngerezi ankawatcha *byrne*, wa ku Normandy ankawatcha *hauberc*. Chovalacho sichinasinthe, koma dzina la wogonja linazilala ndipo la wopambana linakhala, moti lero m'mabuku timawerenga *hauberk*, ndipo mng'ono wake wamfupi, *habergeon*, ali pa Nehemiya 4:16 m'Baibulo la 1611 lija, pakati pa zida za omanga linga la Yerusalemu.

Mawu a anthu wamba sanafe, chifukwa anthu wamba ndiwo ankagwira zidazo. Uta unakhalabe *bow*, ngakhale wougwira analandira dzina la Chifalansa, *archer*, ndipo mmisiri wopanga mivi anatchedwa *fletcher*, kuchokera ku liwu la Chifalansa la muvi. Ndicho chifukwa chake mpaka lero kuli mabanja otchedwa Archer ndi Fletcher. Chida chimene chinandigwira mtima kwambiri m'gululi ndi *bill*. Chinali chikwanje chokhota kunsonga chimene alimi ankasadzira mitengo ya m'mipanda, ndipo atachizika pa mtengo wautali chinasanduka chida cha asilikali oyenda pansi. Pa Flodden mu 1513 Angerezi ogwira chida chimenechi anagonjetsa ankhondo a ku Scotland amene anabwera ndi *pike*, mkondo wautali kwambiri umene umafuna malo osalala ndi mzere wosasweka, ndipo mfumu yawo James IV inafera pomwepo.

## Kuyambira kuphazi mpaka kumaso

Apa ndi pamene maganizo anga pa chilankhulo chathu anasintha, ndipo ndikufuna kukhalapo pang'ono. M'zaka za m'ma 1300 amisiri a ku Ulaya anayamba kuphimba malaya a timphete aja ndi zidutswa za chitsulo chosulidwa, ndipo pofika m'ma 1400 msilikali wolemera ankatha kukutidwa thupi lonse. Chovala chathunthu chinkalemera makilogalamu 20 mpaka 25, kulemera kumene kunkagawikana thupi lonse, moti munthu wozolowera ankatha kuthamanga ndi kukwera kavalo yekha. Chidutswa chilichonse chinali ndi dzina lake, ndipo mainawo ndi amene amaopseza wowerenga: *sabaton*, *greave*, *cuisse*, *couter*, *vambrace*, *pauldron*, *gorget*, *visor*, *gauntlet*. Nditawaona koyamba ndinaganiza kuti ndi mawu akuya a anthu ophunzira kwambiri.

Nditawafufuza limodzilimodzi ndinapeza kuti pafupifupi onse ndi maina a ziwalo za thupi kapena a zovala wamba m'Chifalansa. *Greave*, liwu lija ndinalilambalala pa gome, ndi msongolo, ndipo chidacho n'chotchinga msongolo. *Cuisse* ndi ntchafu. *Couter* likuchokera ku chigongono, *vambrace* ku mkono wa kutsogolo, *pauldron* ku phewa, *gorget* ku mmero, *visor* ku nkhope. *Gauntlet* ndi kachovala ka m'manja. Chotchinga chibwano ankachitcha *bevor*, dzina lochokera ku kansalu kolandira dovu. Ndipo *sabaton*, chitsulo cha kuphazi, ndi mbale wa liwu la Chipwitikizi *sapato*, limene linatipatsa ife nsapato. Mmisiri wa ku France pokonza zida zimenezi sankalankhula mawu akuya ayi, ankangoti cha pantchafu, cha pakhosi, cha paphewa. Kuya kwake kunabwera pamene mawuwo anawolokera kwa anthu amene sankamva tanthauzo lake loyamba.

Kwa zaka zambiri ndinkamva chisoni chobisika ndikamawerenga pa Aefeso 6 mawu oti chapachifuwa. Ndinkaganiza kuti omasulira athu anasowa liwu lenileni n'kungofotokoza malo amene chinthucho chimakhala, ndipo ana asukulu akamanena kuti Chichewa n'chosauka pa maina a zinthu sindinkawatsutsa ndi mtima wonse. Tsopano ndikuona kuti chapachifuwa linapangidwa mwa njira yomweyo imene anapangira *gorget* ndi *cuisse*, kungoti lathuli likadali loonekera mkati, mwana aliyense akalimva amadziwa pamene chimavalidwa. Chimodzimodzinso *cuirass*, chovala chachitsulo cha pachifuwa ndi kumsana: dzinali likuchokera ku *cuir*, chikopa cha nyama, chifukwa zoyambirira zinali zachikopa, ndipo silinasinthe pamene chitsulo chinalowa m'malo. Ifenso chishango timachitcha chikopa pa chifukwa chomwecho, ndipo tikamanena za chikopa cha chikhulupiriro palibe amene amaganiza za ng'ombe imene anasenda.

Liwu la *mail* lija nalonso linamasuka. Likuchokera ku *maille*, diso la ukonde, monga asodzi a kunyanja amanenera za ukonde wa maso ang'onoang'ono, chifukwa malayawo ankalukidwa ndi timphete zikwi makumi angapo, kalikonse kolowetsedwa mwa tinzake tinayi. *Mail* ya makalata ndi liwu lina, lochokera ku dzina la thumba limene amtengatenga ankanyamuliramo katundu. Koma Chiheberi pa malaya a Goliati chimanena za mamba ngati a nsomba, tizidutswa tamkuwa tosanjikizana, olemera masekeli 5,000, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 57. Omasulira a mu 1611 anamuveka Mfilisitiyo dzina la chovala chimene owerenga awo ankachidziwa. Nditazindikira zimenezi ndinawamvera chifundo cha womasulira mnzawo, chifukwa nawonso anaima pakati pa chinthu chakutali ndi anthu a kwawo, ngakhale iwo anasankha chinthu chimene msilikali angavaledi.

## Anyamata a mfumu

Maina a asilikali eni ake anandiphunzitsa china. Liwu lolemekezeka koposa onse, *knight*, limene lero mfumu ya ku Britain imapatsa munthu pomukhudza ndi lupanga paphewa, linayamba ngati *cniht*, kutanthauza mnyamata kapena wantchito. M'Chijeremani mbale wake *Knecht* anatsalira pansi pomwepo, ndi wantchito wa pafamu. Kwa ife izi sizovuta kumva, chifukwa liwu lathu loti mnyamata limanyamula zonse ziwiri: mwana wamwamuna amene akukula, ndiponso munthu wotumikira wamkulu, monga tikamati anyamata a mfumu ngakhale ena mwa iwo ali ndi imvi. Mnyamata wa mfumu yamphamvu amakwera pamodzi ndi mbuye wake, ndipo umu ndi mmene *knight* anakwerera. Afalansa sanamutche potengera utumiki koma potengera chiweto chimene ankakwera, *chevalier*, ndipo kuchokera ku muzu womwewo wa Chilatini, *caballus*, Chingerezi chinalandira *chivalry* ndi *cavalry*, pamene ife kudzera mwa Apwitikizi tinalandira kavalo.

Wotsatira *knight* anali *squire*, ndipo tanthauzo lake ndi wonyamula chishango, ntchito yomwe ija ya munthu amene ankayenda patsogolo pa Goliati pa ndime 7. *Sergeant*, amene ife timati sajeni, likuchokera ku liwu la Chilatini la wotumikira. *Marshal* anali wosamalira akavalo, ndipo *constable*, udindo umene tikuudziwa kupolisi, anali woyang'anira khola la akavalo a mfumu. *Infantry*, asilikali oyenda pansi, linadzera ku Chitaliyana kuchokera ku liwu la mwana kapena mnyamata. *Soldier* lokha ndilo limanena poyera chimene ambiri ankapitira kunkhondo: muzu wake ndi *solidus*, ndalama yagolide imene mfumu Constantine ya Aroma inakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300, choncho *soldier* ndi munthu wolandira malipiro.

Ndinaphunziranso kusakhulupirira liwu chifukwa chongomveka lakale. Anthu a m'nthawi ya malaya a timphete ankangoti *mail*. Mawu oti *chain mail* anadzapangidwa ndi olemba a zaka mazana angapo pambuyo pake. *Freelance*, limene lero timatchulira mtolankhani wosalembedwa ntchito ndi kampani imodzi, limamveka ngati lochokera pakamwa pa ankhondo akale ogulitsa mikondo yawo kwa aliyense wolipira, koma linafala chifukwa cha buku la Walter Scott lotchedwa Ivanhoe, limene linatuluka kumapeto kwa 1819. M'kope langa ndinayamba kulemba mizere itatu pa liwu lililonse: liwulo, chinthu chenicheni chimene munthu ankachigwira kapena kuchivala, ndi nthawi imene liwulo linkatanthauza chinthucho. Mzere wa Chichewa ndinkaudzaza pomalizira, chithunzi chitakhazikika m'maso.

## Nthungo ya kwathu, dzina lakutali

Tsiku limene ndinabweza dikishonale ndinapita ndi kope langa, ndipo bamboyo analiwerenga tsamba ndi tsamba osafulumira. Atamaliza analowa m'nyumba natuluka ndi zida zimene amavinira ngoma pa miyambo ya Angoni: chishango cha chikopa cha ng'ombe, chibonga, ndi nthungo imene anati inali ya agogo awo. Anaziika pamphasa nandifunsa kuti Angerezi amazitcha chiyani.

Chishango sichinavute. Chibonga ndinawauza kuti m'mabuku amachitcha *knobkerrie*, liwu lobadwira ku South Africa polumikiza liwu la Chibunu la mutu wobulungira ndi liwu la Akhoikhoi la ndodo. Nthungo ndinati amaitcha *assegai*, ndipo ndinawafotokozera zimene ndinapeza: kuti liwuli si la Chizulu kapena Chingoni monga ambiri amaganizira, koma linachokera kwa Aberiberi a kumpoto kwa Africa, linadzera m'Chiarabu, linalowa m'zilankhulo za ku Ulaya, ndipo amalinyero a Chipwitikizi ndi Azungu ena analinyamula n'kumalitchulira mkondo uliwonse wa Mwafrika umene anakumana nawo. Ku England linali litafikako kale m'zaka za m'ma 1300 mu liwu loti *lancegay*, dzina la mkondo wopepuka wa munthu wa pakavalo, Mngerezi asanaoneko Mzulu ndi mmodzi yemwe.

Bamboyo anaitembenuza nthungoyo m'manja kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti dzinalo linayamba kufika, nthungoyi n'kumalipeza." Atatero anandiyang'ana nafunsa funso limene ndinkalithawa miyezi yonseyo: "Nanga kumpingo kuja munakonza?"

Ndinali ndisanakonze. Ndinkadziuza kuti anthu anaiwala, koma ndinkadziwa kuti si zoona, chifukwa mwezi umodzi m'mbuyomo ndinamva mnyamata wina akugwiritsa ntchito chizindikiro cha pamsana chija pa mapemphero a achinyamata. Lamulungu lotsatira ndinapempha mphindi zochepa pa nthawi ya zolengeza. Ndinaima pamalo omwe aja kumanzere kwa gome ndi kuuza mpingo kuti tsiku la mlendo lija ndinamasulira molakwa, kuti mlendoyo sananene zimene ndinawauza, ndi kuti Goliati analibe malo olasapo pamsana koma ananyamula chida, chimene Angerezi akale anachiyesa chishango chaching'ono ndipo Baibulo lathu limachitcha nthungo. Ndinawerenga ndimeyo m'Chichewa pang'onopang'ono, ndipo nditafika pa zamkuwa za m'miyendo ndinawerama ndi kugwira msongolo wanga kuti aone pamene zinkakhala.

Titatuluka, mayi uja anati ameni anandipeza pakhomo. Anati nkhaniyo anali atawafotokozera kale adzukulu ake onse, ndipo anandipempha kuti ndimulembere chaputala ndi ndime pakapepala kuti akawawerengere yekha madzulo. Ndikulemba anafunsanso kuti, "Koma aphunzitsi, munthu wagwira kale mkondo waukulu m'manja, nthungo inayo anainyamula bwanji pamsana?" Ndisanayankhe, bambo uja, amene anali ataima pafupi, anapempha mpango kwa mdzukulu wake, anamanga nsonga zake ziwiri ku ndodo yake yoyendera, anaukoleka paphewa modutsa pachifuwa, natembenuka kuti mayiyo aone ndodoyo itagona chopingasa pakati pa mapewa.